Dothi la Amake Rejina

Ndola, 1962

Ana anga, musanapite patali dziwani ichi: kuchokera ku Katete kumene ndinabadwira mpaka ku Kitwe kumene ndakalambira, sanabadwe munthu wondigonjetsa ine Gidioni Mbewe pa malonda. Eni masitolo a ku Ndola ankati akandiona ndikutsika njinga, ena ankatseka chitseko n'kunamizira kuti apita kukadya. Pamsika dzina langa la ubatizo linaiwalika, ankangoti "A Chotsaniko afika", chifukwa ndiwo mawu amene ankatsogola pakamwa panga moni asanatuluke. Ngakhale nkhuku ya pa chinkhoswe cha amayi anu ndinainenerera mpaka amalume anga anabisa nkhope m'chipewa. Ndayamba ndi zimenezi kuti zikubwerazi muziwerenge mwaulemu.

Ntchito yanga yoyamba inali ku nazale ya mitengo kunja kwa Ndola. Ndinkagona kwa amalume ku Nkwazi, m'chipinda chimodzi ndi matumba a makala, m'mawa n'kupalasa njinga. Ine sindinkabzala, ntchito yanga inali yogula: manyowa, zitini zoikamo mbande, nsungwi ndi udzu wa mthunzi. Bwana wathu anali mzungu wowonda, tinkamutcha Kafodya chifukwa kaliwo sankachoka pakamwa pake. Tsiku lina anandituma kuti ndikwere lole, ndipite ku munda wakale wa paini kutali ndithu, ndikakumbe dothi la pansi pa mitengoyo.

"Bwana, dothi?" ndinatero. "Tikaotche petulo chifukwa cha dothi? Nanga apa tapondapa ndi chiyani, shuga?"

Ananditengera ku mabedi awiri a mbande za paini, zofesedwa tsiku limodzi. Pa bedi lina zinali zobiriwira, pa lina zachikasu ngati zadwala malungo. Anazula kamodzi uku, kamodzi uku. Mizu ya kobiriwira kaja inali yokutidwa ndi tiulusi toyera ngati ta kangaude, ya kachikasu kaja inali mbulanda.

"Uyu ndi bowa," anatero m'Chinyanja chake chopunduka. "Amene mumadya uja ndi duwa lake chabe, thupi lake ndi ulusiwu. Umalowa m'dothi mmene muzu sungafike, umatunga madzi ndi chakudya n'kupatsa paini. Paini amabweza shuga wochokera m'masamba."

"Ndiye kuti ndi malonda," ndinatero. "Nanga amene amabera mnzake ndani?"

"Palibe."

Ndinaseka. Malonda opanda wolira ine ndinali ndisanawaone. Koma dothi ndinakatenga, mbande zinachira, ndipo m'mutu mwanga munakhazikika kuti dothi la paini ndi mankhwala a mbewu iliyonse. Phunzirolo ndinalitola ngati munthu amene watola nsapato imodzi pamsewu n'kuyamba kunyoza oyenda pansi.

Chamboli, 1965

Ufulu utabwera, mipando ya azungu inayamba kupeza eni ake atsopano. Mkuwa unkagulidwa bwino, m'komboni aliyense ankafuna wailesi ndi suti. Ndinamva kuti ofesi yoona za umoyo wa mabanja a pamgodi ku Kitwe ikufuna kapitao wa madimba, kuti akazi a anthu a pamgodi azilima ndiwo ndi chimanga. Chimene chinandikoka si madimbawo ayi, koma nyumba: zipinda ziwiri ku Chamboli, pompi pakhomo. Nthawi imeneyo ndinali nditakwatira, iwe Isaki ukuyamba kuyenda, tonse titapanikizana kwa amalume.

Wondifunsa anali Ba Mwansa, Mbemba wa tayi yatsopano, amenenso mpandowo anali asanauzolowere.

"Ba Mbewe, malowo ndi oipa. Ali kunsi kwa dampu. Mungameretse chimanga pamenepo?"

"Mukwai," ndinatero mwaulemu wa Chibemba, "ine ndingameretse chimanga pa simenti."

Anandipatsa kiyi wa nyumba tsiku lomwelo.

Adzukulu amene mwakulira ku Lusaka, dampu ndi phiri la matope otuwa otsala akachotsa mkuwa m'miyala. Mvula ikagwa, madzi otsika pamenepo ankabiriwira ngati ndalama yakale ya mkuwa. M'chilimwe nthaka ya kunsi kwake inkachita chikanga choyera ngati mchere. Pamwamba pa izo panali senta, utsi wa ku ng'anjo zosungunulira mkuwa, umene unkakanda pakhosi ndi kuwaula masamba. Kampani pofuna kutithandiza inatumiza katapila, ndipo anapala malo onsewo mpaka anasalala ngati bwalo la mpira. Anangosiya kangodya kamodzi pafupi ndi ngalande, ka zitsa ndi zitsinde za udzu wolimba, chifukwa dalaivala ankaopa kutitimira.

Vuto linali limodzi. Pakati pa bwalo langa lokongolalo panali mayi wina amene ankalima pamenepo kuyambira kale, ndipo katapila atangochoka anabwerera n'kuunganso mizere yake. Anali Amake Rejina, Mkatolika wa ku Chadiza (ine pajatu ndine wa mpingo wa Dachi), mkazi wa Bambo Sakala amene ankaika nsichi zochirikiza denga pansi pa mgodi. Rejinayo anali kumbuyo, m'nsalu. Inde Isaki, ndikunena apongozi ako omwe aja. Buku ili usawaonetse.

"Amayi, pano ndi pa kampani," ndinayamba. "Koma ine ndine munthu wachifundo. Ndikupatsani kangodya kaja."

"Kaja ka zitsa? Atate, mwandiona ngati nguluwe kuti ndizikafukula mizu?"

"Pali chinyezi chabwino."

"Pali achule. Inu a Dachi mitima yanu ndi youma ngati mabenchi a m'tchalitchi mwanu."

Tinakokana dzuwa lonse. Ankafuna khasu, keni yothirira ndi mbewu. Ndinachotsa mbewu. Ndinachotsa keni. Pomaliza ndinachotsa ndi mpini womwe, n'kutsala khasu lokhalokha. Apo anapumira m'mwamba ngati wagonja.

"Chabwino. Koma munthu wa kampani, kaya inu, kaya bwana wanu wa tayi uja, asadzalowetse khasu m'munda mwanga."

Lonjezo lopanda mtengo ngati limenelo ndani angakane? Ndani angafune kukumba pa achule? Iwo anaitana akatekisiti awo, ine ndinaitana Bambo Zulu, mkulu wa mpingo wathu, tinagwirana chanza pamaso pa matchalitchi awiri. Kunyumba ndinafika ndikuimba mluzu. "Amake Isaki," ndinatero, "lero ndagula bwalo lathunthu ndi khasu lopanda mpini."

Mvula ya 1965 kulowa 1966

Amayi a m'komboni anabwera ambiri, ndinawagawira malo ndi chingwe, tinabzala. Chimanga chinamera bwinobwino, ine n'kumayenda manja kumbuyo ngati mwini famu. Chitafika mu akakolo chinaima. Masamba anachita chikasu, m'mphepete mofiirira. Ukazula, mizu yake inali yaifupi, yakuda kunsonga ngati ndudu zozimitsidwa. Chimene chinalimbikira chinafika m'mawondo n'kuchita ngayaye popanda mwana.

Pa kangodya kaja, chimanga chinapitirira mutu wa mwini wake. Sichinali chokongola ngati cha kwathu ku Katete, koma chinabereka. Chimene chinkandiwawa kwambiri n'chakuti mayiyo sanalime n'komwe mwa dongosolo. Udzu uja sanauchotse, anangoukwirira m'mizere ndi mizu yake yomwe chifukwa analibe nthawi. Ndipo chimanga chitakhwima anaika mbaula yake pageti la madimba anga, n'kumakupizira utsi wa chowotcha cha ku ofesi kwanga.

"Amayi, munathira chiyani?" ndinafunsa tsiku lina ngati ndikungocheza.

"Madzi odalitsa. Inu a Dachi mulibe, pepani."

Iwonso sankadziwa, ndikulumbira. Koma kusadziwa kwawo kunali ndi chimanga, kwanga kunali ndi amayi a komboni yonse akundilalatira m'Chibemba chimene theka lake ndinkathokoza Mulungu kuti sindikulimva.

Feteleza kunalibe. Inali nthawi ija njira ya kumwera yodzera katundu wa kunja inavuta, katundu osafika, petulo wa makuponi. Apo ndinakumbukira Kafodya ndi dothi lake la paini, ndipo ndinachita malonda amene mpaka lero ndimawanyadira ngakhale anali auchitsiru. Ndinapeza dalaivala wa lole yobwera ku Kitwe yopanda katundu, ndinamunyengerera ndi mabatire a wailesi. Kapitao wa ku nazale ku Ndola ndinamusiyira jekete langa la ukwati. Lole yodzaza dothi la paini inafika ku Chamboli popanda kuponi ngakhale imodzi ya kampani. Tinamwaza, tinabzalanso chimanga chocha msanga ndi nyemba. Zinafa chimodzimodzi, mwina mofulumirirapo.

Ba Mwansa anandiitana. Sanandipatse mpando.

"Ba Mbewe, simenti ija ili kuti? Mwina tiyese pamenepo."

"Mukwai, nthaka ikuzolowera."

"Awe, ayi. Akuluakulu akuti mvula imodzi yokha. Zikakanikanso madimba atsekedwa, ndipo kiyi uja abwerera m'dilowa muno."

Amayi anu anali ndi pakati pa Esitere. Nditawauza anapitiriza kuchapa osandiyang'ana. "Ine ku Nkwazi kukagona ndi makala a amalume anu sindibwererako," anatero. "Inu mukagone pa simenti panupo."

Mindolo, kumapeto kwa mvula, 1966

M'kwaya ya mpingo wathu munali Bambo Tembo a ku Mindolo, oimba besi, amene ankagwira ntchito kumalo oyezera dothi ndi madzi. Nditawadandaulira anati ndibweretse phesi limodzi la m'munda mwanga ndi limodzi la pa kangodya, ndi mizu yake ndi dothi lomwe. Langa linali losavuta, linkazuka ndi zala ziwiri. Linalo ndinayenera kugula, poti khasu langa linali loletsedwa.

"Amayi, ndigulitseni chimanga chimodzi. Ndi phesi lomwe. Ndi mizu yomwe."

"Mizu? Mukufuna mukandilodzere munda?"

"A Dachi salodza."

"Ndiye n'chifukwa chake zikukukanikani."

Anazula okha, ndipo anandidula ngati ndagula mbuzi. Ndinalipira osanena "chotsaniko". Pofika madzulo nkhani inali itamveka msika wonse kuti A Chotsaniko akudwala.

Bambo Tembo anatsuka timizuto, anativiika m'mankhwala, n'kundiuza kuti ndisuzumire m'makina awo okulitsa zinthu. Mu muzu wa Amake Rejina munali tiulusi tabuluu tolowa mpaka m'kati, tina totulukira kunja ngati mizere ya nyerere. Wanga unali mbee, ngati nyumba yosamukamo.

"Ndi bowa," anatero.

"Bowa ndinabweretsa lole yathunthu!"

"Munabweretsa wa paini, achimwene. Ameneyo sagulitsa kwa chimanga, makasitomala ake ndi mitengo. Uyu ndi wa udzu, saoneka ndi maso, sameranso chipewa choti mungadye. Udzu wa pa ngalandewo wakhala pa nthaka ya mkuwa kuyambira kale, ndipo bowa wake anazolowera. Amatungira muzu chakudya, koma mkuwa wambiri amaumangirira mu ulusi wake, wokwera m'phesi ndi wochepa. Ali ngati mlonda wa pageti la mgodi, amaona cholowa. Amayi aja pokwirira udzu ndi mizu yake anapatsira chimanga chawo mlondayo. Kwanu katapila anamukokolola pamodzi ndi dothi la pamwamba."

Anandichenjeza kuti bowayo sachotsa mkuwa m'nthaka, amangothandiza mbewu kupirira, ndipo laimu adzafunikabe wochepetsa ukali wa dothi. Anati repu ndi kabichi ndisavutike nazo, sizipalana ubwenzi ndi bowa. Chofunika chinali dothi laliwisi la pa zitsinde za udzu, timizu tili momwemo, kadzanja kamodzi pa phando lililonse.

"Nanga udzu umenewo ndiupeza kuti?"

Funsolo ndinadziyankha ndekha. Dampu inali m'waya, apolisi a mgodi akulondera. Kwina konse katapila anali atapala. Udzu wozolowera mkuwa unatsala malo amodzi, amene ndinagulitsa ine mwini ndikuimba mluzu.

Chilimwe cha 1966

Ba Mwansa atamva anaona kuti nkhani ndi yaifupi. "Malo ndi a kampani. Mawa ndituma apolisi a mgodi, mayiyo achoke, inu mukumbe mmene mungafunire."

Ana anga, musaganize kuti atate wanu anakana msanga. Ndinayenda nayo nkhaniyo masiku angapo. Mbali ina kunali nyumba, pompi, ndi mwana ali m'njira. Kungogwedeza mutu basi, zonse zikanakhala zanga. Mbali ina kunali chanza chija. Sindikunena kuti unali chiyero ayi. Ndinkaganiza za Bambo Zulu amene amakhala benchi yakutsogolo Lamulungu lililonse, ndiponso za msika. Munthu wamalonda amakhala ndi katundu mmodzi yekha amene sagulidwanso akatayika, ndiye dzanja lake. Ndikanathyola lonjezo la pamaso pa matchalitchi awiri, ndani akanandigulitsanso ngakhale tomato ku Chamboli? Komanso, kunena zoona, kugwiritsa ntchito apolisi kukanakhala kuvomera kuti pakamwa panga palephera.

Ndinabwerera ku ofesi. "Mukwai, apolisi asiyeni. Ndikagula."

"Akakana?"

"Kiyi mudzatenga."

Ndinapita ndi nzeru zanga zonse. Ndinadutsa pamunda pawo ngati ndikupita kwina, n'kunena kuti udzuwo ukubisa njoka, ndingathe kuwachotsera mwachifundo. Anandilozera chitsa kuti ndikhale. Akazi a Bambo Tembo anali atayankhula kale pa chigayo.

"Atate, njoka zanga zisiyeni. Mwabwera kudzagula dothi. Tiyeni tiyambe."

Anati khasu la kampani silidzalowa, lonjezo ndi lonjezo, azikumba okha. Anati wilibala ndizikankha ndekha, osati antchito anga. Anati wilibala iliyonse yotuluka ndi dothi ibwerere ndi zitosi za nkhuku. Anati paipi ya madzi imene kampani inkabweretsa ku madimba iyambe yadutsa m'munda mwawo, pompi ikhale pamenepo.

"Amayi, chotsaniko! Paipi ndi ya kampani!"

"Dothinso mumati ndi la kampani. Bwanji osakalitenga?"

Ndinaimirira kuti ndizipita, njira imene inagwetsa amalonda ambiri ku Ndola. Ndinayenda mpaka pa ngalande ndikudikira kuti andiitane. Ndinangomva akuimbira Rejina nyimbo. Ndinabwerera ndekha n'kukhalanso pa chitsa chija.

"Mwaiwala chipewa?" anafunsa. "Pajatu pali china. Mpini."

"Mpini wanji?"

"Wa khasu lija. Wa mtengo wolimba, osati wa paini wanu."

Chimodzi chokha ndinachotsako. Iwo ankafuna kuti wilibala ya zitosi izidutsa pakati pa msika, ine ndinalimbana mpaka anavomera kuti ndizidzera kuseri. Ndinanyamuka ndikudziona ngati ndapulumutsa ulemu wanga. Ndinaiwala kuti kuseri kwa msika ndiko kunali holo ya mowa, kumene Bambo Sakala ndi anzawo a shifiti ankakhala panja. Mvula yoyamba itagwa ndinayamba kukankha, kapitao wathunthu, tayi m'thumba, anthu a pamgodi akukweza zikho. "Shani, muli bwanji Ba Chotsaniko! Lero manyowa ali pa zingati?"

Kuyambira 1967

Tinathira laimu amene ndinapempha ku mgodi, ndipo pa phando lililonse tinaika kadzanja ka dothi la Amake Rejina. Masabata oyamba sindinkadya bwino. Chimanga chinafika mu akakolo, pamalo paja chinkaimira, ine n'kumachizonda m'mawa ndi masana ngati wodwala wa m'chipatala. Chinapitirira. Chinadutsa m'mawondo, chinafika pachifuwa, chinabereka. Mizere ya kufupi kwambiri ndi dampu inafabe, ndipo zisononkho zinali zazifupi, koma zinali chimanga. Nyemba nazonso zinagwira. Bambo Tembo anayeza n'kutiuza kuti njere tidye, koma masamba a kufupi ndi ngalande tisathyole ndiwo. Repu ankafa chaka ndi chaka, ndipo amayi a m'komboni sanasiye kunena kuti ndi dzanja langa.

Ba Mwansa anabwera ndi akuluakulu, anayenda m'mizere nsapato zawo zikuda, ndipo ndinawamva akunena kuti iyi ndi njira imene ofesi yawo inaiganizira mozama. Sindinatsutse. Kiyi anatsala m'thumba mwanga, Esitere anakulira m'nyumba imeneyo, enanu munabadwiramo, ndipo ndinagwira ntchito ya madimba mpaka kupuma. Kuyambira pamenepo tinkasiya mizere ya udzu pakati pa minda kuti bowa asathe. Chaka china kampani inatumizanso katapila kuti atikonzere malo, ndipo ndinaima kutsogolo kwake nditatambasula manja mpaka dalaivala anazimitsa injini n'kufunsa ngati ndaledzera.

Koma pompi inakhala m'munda mwa Amake Rejina zaka zonsezo. Tikasemphana mawu pang'ono, madzi kwanga ankauma, ndipo ndinkapita chipewa m'manja kukafunsa za umoyo wa Bambo Sakala. Kenaka Rejina uja wa m'nsalu anakula, n'kutenga Isaki wanga, mwana wa Dachi weniweni, ukwati n'kukadalitsidwa kwa Akatolika. Pogwada, mawondo anga anadziwa tsiku limenelo kuti mabenchi ouma si athu okha.

Pa phwando anabwera kudzakhala pafupi nane. "Asewere," anatero, "dothi lija mukanangobwera ndi moni n'kupempha, ndikanakupatsani ulere. Udzu uja unkanditopetsa, munkanditayira ndi wilibala yanu."

"Inenso, asewere, ndinali nditakonzeka kukupatsani njinga yanga. Munafulumira kuvomera."

Ndinkanama, ndipo ndikukhulupirira kuti iwonso ankanama. Koma anatafuna nyama yawo pang'onopang'ono n'kufunsa kuti, "Njingayo ikadalipo?"

Kafodya ankati pa malonda a muzu ndi bowa palibe wobera mnzake, ndipo ine mpaka lero sindinamvetse kuti zimatheka bwanji. Ine ndinapeza nyumba, ntchito ndi penshoni. Iwo anapeza madzi, manyowa, mpini, wotaya udzu waulere ndi mwana wanga woyamba. Amayi anu akuti ndisafunse chifukwa yankho lindipweteka. Komabe inu amene munasamba pa pompi ya nyumba ija, ndi inu adzukulu amene muli magazi a tonse awiri, tandiuzani popanda kukondera: pakati pa A Chotsaniko ndi Amake Rejina, anapambana ndani?